Tsamba Limene a ku Kasakula Anakana Kusuta

GULU LA PINDA PEPALA
Msonkhano wa komiti, Loweruka pa 17 Meyi 2025, kuseri kwa shopu ya fotokope ya a Moffat, pa Madisi

Opezeka: a Langton Chimbaka (wapampando), a Luckness Chikuse (wojambula), a Moffat Kamphale (wosindikiza), a Marita Nkhono (wogulitsa m'misika), Tabita Gondwa (mlembi).
Opepesa: a Rodrick, aperekeza mabelo awo ku okushoni.
Osapepesa: a Wezzie, monga mwa masiku onse.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ya 2 koloko masana. Anakumbutsa komiti kuti ntchito ya gulu ndi kupanga timabuku ta nthano zojambula, pepala limodzi lopindidwa mpaka kutuluka masamba asanu ndi atatu, ndi kuti wojambula tili naye mmodzi yekha. Onse anacheukira a Luckness. Iwo anali atakhala pafupi ndi khomo, bokosi la zolembera za gulu lili pamiyendo, lomanga kale ndi mphira.

2. Za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga kuti mwezi watha a Luckness anapeza bambo wina pa depoti akupichira chingambwe m'tsamba la kabuku kathu, "Munda wa a Zakeyu", gawo lachitatu. Apo m'pamene anazindikira chimene chinachititsa kuti timabuku tithe ngati zitumbuwa pa msika wa Kasakula. Ananena kuti sangamatupitse zala kujambulira moto, ndipo kuti lero adzabweza zolembera n'kusiya. Komiti inati kutsutsa galu n'kukumba, n'kutuma a Marita kuti akaone ngati kuli munthu amene amawerenga.

A Moffat anapempha kuti mawu akuti "pepala lotchipa la a Moffat" afufutidwe. Mlembi anakana popeza pepalalo ndi lotchipadi.

3. Lipoti la a Marita

A Marita anayamba ndi kuvomereza kuti nkhani ndi yoona: timabuku takhala tikusutidwa. Anthu anawauza kuti pepala lathu ndi lopyapyala, limapichirika bwino kuposa la nyuzi, ndipo silizima msanga. A Moffat anamwetulira. Wapampando anawauza kuti si chiyamikiro.

A Luckness anaimirira kuti apereke bokosi. A Marita anawauza kuti akhale pansi, sanamalize.

Anati anatsatira wogula mmodzi mpaka ku chigafa kumene alimi akusankha fodya. Kumeneko anapeza kuti kabuku kakafika, mmodzi amakawerenga mokweza, enawo manja ali pa fodya, kenaka kamazungulira kuti aliyense aone zithunzi. Lamulo lawo ndi lakuti palibe ong'amba kufikira womaliza ataona, ngakhale mayi amene wapita kudambo amamudikira. Mkulu wina, a Agustino, anaphwanya lamuloli posuta tsamba lomaliza anzawo asanamve mathero. Anzawowo anawachotsa pa bawo. A Agustino anakwera phiri wapansi kukabwereka kabuku kena kwa apongozi awo, amene paja amawathawa chaka chonse, ndipo atabwera nako m'pamene anawalola kugwiranso nkhomo za bawo.

Komiti inaseka, kupatula a Luckness. Iwo anati kuwerenga kotero n'kudikira chabe kuti fodya alowe.

Apa a Marita anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa tsamba lachisanu la kabukuko. Linali lofiirira ndi fumbi la fodya, lili ndi boo la msomali pamwamba. Ndi tsamba lija a Zakeyu aima pakati pa munda matalala atangouboola wonse, chipewa chili m'manja, popanda mawu alionse. A Marita anati m'zigafa zonse zimene analowa anapeza tsamba limeneli litakhomedwa pa nsanamira. Masamba enawo anapita ndi utsi, koma ili ayi. Atafunsa chifukwa chake, a Agustino omwe aja, amene munda wawo unagwidwa ndi matalala chaka chatha, anayankha motere, ndipo a Marita anapempha kuti zilembedwe monga anazimvera:

"Mayi, uyu ndine. Ndi mmene ndinaimira tsiku lija, chipewa chomwe. Ndidziotche ndekha?"

A Marita anawonjeza kuti tsambalo ndi lobwereka, mwini wake akulifuna lisanafike Lachisanu.

A Luckness analitenga n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Mlembi akuvomereza kuti misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo mzere uno waulemba atabwerera kunyumba.

4. Pepala la gawo lachinayi

A Moffat anapereka ganizo lakuti tsamba lakumbuyo lizisiyidwa lopanda kanthu, kuti wofuna kupichira azing'amba limenelo, nkhani izitsala. Wapampando anakana kwamtuwagalu. Anati iwo ndi mkulu wa mpingo ndipo dzina lawo silingakhale pa kabuku kogawa pepala la fodya. A Marita anafunsa mwaulemu kuti malata a nyumba ya a Wapampando anachokera ku mbewu yanji. Wapampando anayankha kuti kulima ndi kusuta ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anapempha kuti funsolo lisalembedwe. Lalembedwa.

Atakangana mokwanira anagwirizana kuti tsambalo lisiyidwe loyera, koma pamwamba pake palembedwe kuti "Jambulani zanu apa". Chimene mwini kabuku achite nalo ndi nkhani ya iye ndi chifuwa chake. Wapampando anati akatero mtima wawo uli m'malo.

5. Za wojambula

Wapampando anafunsa a Luckness ngati akubweza zolembera kapena ayi. Anawauza poyera kuti akasiya, gulu latha, chifukwa mbuzi imene a Moffat anayesa kujambula ija ana anaitchula kuti tebulo. A Luckness anati amva, koma sanayankhe funsolo. Wapampando anadikira, kenaka analamula kuti tipitirize.

6. Zina ndi zina

A Moffat anadandaula kuti makina akudya inki.

A Marita anati anaiwala uthenga umodzi. Powaperekeza, alimi a m'chigafa chija anawatuma kuti akafunse kwa "mayi wojambula" ngati a Zakeyu adzalimenso chaka chamawa kapena athawira ku tauni. Anati nkhaniyi yagawa chigafa pawiri, ndipo a Agustino, amene fodya wa chaka chino analima ali ogwa mphwayi, akuti achita zimene a Zakeyu achite.

A Luckness anamasula mphira pa bokosi, n'kutulutsa pensulo, n'kupempha lezala kwa a Moffat. Akusongola anati:

"Tsambali ndikabweza ndekha Lachinayi. Ndikufuna ndikaone manja a alimiwo akamasankha fodya, m'gawo lachitatu ndinawalakwitsa. Koma a Agustino auzeni asagulitse khasu. A Zakeyu afesa nazale."

A Marita anaimba nthungululu mpaka ogula kutsogolo kwa shopu anasuzumira. Wapampando anagogoda pa tebulo kuti anthu akhale chete, koma anagogoda motsatira kayimbidwe kake.

7. Kutseka

Msonkhano wina udzakhala Loweruka pa 21 Juni, malo omwewa. Wapampando anatseka nthawi ya 4 koloko ndi pemphero lalifupi kusiyana ndi masiku onse. A Luckness sanatsinzine, anali atayamba kale kujambula kuseri kwa ndondomeko ya msonkhano.

Wapampando: L. Chimbaka
Mlembi: T. Gondwa