Akufuna andijambule kuti ndikapeze dzanja la munthu wakufa

Aphungu,

Ndine mnyamata wa Folomu 3. Chaka chatha lamba wa chigayo cha mpunga anandidula dzanja lamanja. Bala linapola. Ndinadziphunzitsa kulembera kumanzere, ndipo zilembo zanga tsopano zikuwerengeka.

Vuto latsala pa moni. Kwathu kuno kupereka kapena kulandira ndi dzanja lamanzere ndi mwano. Tsiku lina kutchalitchi bambo wina wachilendo anakana dzanja langa, nati, "Iwe, anakulera ndani?" Azakhali anga a Leticia, amene ndimakhala nawo, anali pomwepo. Ndinawaona akuwerama ndi manyazi.

Kenako azakhaliwo anapeza pa foni kanema wa munthu wina wa kunja amene madokotala anamulumikiza dzanja la munthu womwalira. Akufuna Loweruka lino ndipinde malaya, andijambule mkono wodukawu, atumize m'magulu a WhatsApp kuti anthu akufuna kwabwino anditumize kunja. Akuti, "Usamwetulire, uzioneka wachisoni."

Ndakana. Sindikonda zoyankhulayankhula, koma ndimaona mmene anthu amandiyang'anira ku Lupembe kuno, ndipo sindikufuna maso amenewo achuluke. Komanso ine chisoni ndilibe. Azakhali akuti ndikukankha mwayi ndi phazi. Kodi n'zoona?

A.M., Lupembe, Karonga

Mwanawe A.M.,

Mkono ndi wako. Ukakana kujambulidwa, wakana basi.

Opaleshoni imeneyo ilipodi, ndipo ena amafika pogwira kapu ndi kumva kutentha ndi dzanja latsopanolo. Koma imachitika m'zipatala zochepa zakunja, kwa anthu osankhidwa mosamala. Kanemayo sanaonetse zotsatira zake. Thupi limalimbana ndi dzanja lachilendo, choncho munthu amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse. Taganizira zimenezo kuno kwa malungo ndi TB. Zala zimatenga miyezi, mwina zaka, kuti ziyambe kumvera, ndipo ena dzanjalo analichotsanso.

Azakhali ako usawatenge ngati adani. Mawu a bambo uja anawabaya iwonso. Loweruka lisanafike, apemphe mupite limodzi kuchipatala cha boma, akamve zimenezi kwa dokotala. Mukafunsenso za mafizo olimbitsa mkono ndi za dzanja lochita kupanga. Ahedi uwauze panopa kuti akufunsire nthawi yowonjezera pa mayeso a Folomu 4.

Za moni, pereka dzanja lamanzerelo, mkono wamanja uugundize pachigongono, uwerame pang'ono. Ulemu wakwana. Wokana moni wotero ndiye ayenera kufunsidwa amene anamulera.

Koma samala, kukana kwako kusasanduke kudzitsekera m'nyumba. Ndipo wina akadzakuimbirani kuti ali ndi dokotala wakunja, mungotumiza kaye kangachepe, dulani foni.

Aphungu