Mabaji Anu Ali pa Maduku ku Ntcheu

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Yona, mwana wanu wokongola kuposa onse, dalaivala amene mabasi a ku Beaumont Leys kuno ku Leicester amamugwadira. Kuno kukuzizira moti mawu akuundana m'kamwa. Mpongozi wanu Esinati wachira, mwana wamkazi, kulemera ngati thumba la fetereza. Mphuno ndi yanu, pepani. Kadimba kanu ka ku Wigston katipatsa maungu awiri okha, nkhwani wonse nkhono zinamaliza.

Koma ndili ndi mlandu, Amayi. Ndi za mabaji anu aja a tiramu, sitima zamagetsi zimene zinkayenda m'misewu ya Leicester agogo asanabadwe. Zaka zonse zija munkawatola Lamlungu m'misika ya zinthu zakale, ili lotsatsa sopo, ili tiyi, ine n'kumakusekani kuti mukutolera zitsekerero za mabotolo. Simunandiuze kuti munawabaya m'kati mwa chijasi chanu chakuda chija poopa akuba. Titakuikani, amalume anati zovala zonse zipite kumudzi zikagawidwe. Ine, katswiri wolongedza, ndinapinda chijasicho osachitsegula n'kuchiponya m'diramu la katundu wopita kumudzi. Kulemera ndinakumva, koma ndinkati ndi misozi yanga yachinyowetsa.

Sabata yatha amalume anatumiza vidiyo ya kumanda poika chiliza. Amayi, Ntcheu yense wavala tiramu! Azakhali abaya la sopo pa duku. Anaphiri agwirira zipi ya siketi ndi lobiriwira lija, limene munaliyendera mpaka ku Derby mvula ikukhuthuka. Ndinaseka, ndinaseka, mpaka Esinati anabwera kudzaona n'kupeza kuti sindikusekanso.

Ndinagwira foni kuti ndiwaitanitse mabajiwo. Koma ndiyambira pati? Anagawana kale pamaso pa abale onse, ndipo azakhali akuti akavala lawolo amamva ngati mwawagwira pamutu. Foni ndinaiika pansi. Asunge.

Lamlungu ndinapita ndekha kumsika kuja. Mzungu wokalamba wa tebulo lapakona, amene ankakugulitsani mabaji, anafunsa kuti mwasowa kuti. Chingerezi changa chonse, chimene eni ake amadzabwereka kwa ine, chinathawa. Ndinangoloza kumwamba, iye n'kuvula chipewa. Ndinathawira pa tebulo lina, n'kugula baji limodzi mothamanga. Nditafika kunyumba m'pamene ndinakumbukira mawu anu aja: "Yona, tembenuza uone kumbuyo, lenileni limakhala ndi dzimbiri pa singano." Ndinatembenuza. Mbee, ngati lapangidwa dzulo. Andipusitsa, ine Yona!

Kangati munandiitana kuti ndikhale pansi mundiphunzitse, ine n'kumati ndili pa shifiti? Shifiti panalibe, Amayi, ndinali kumpira.

Lamlungu likubwerali ndibwererako, ndipo lililonse ndizilitembenuza ndisanalitenge. Labodzali sinditaya, ndi loyamba langa. Mukandiona ndikupusitsidwanso, sekani ndithu, ndi nthawi yanu.

Ndine wanu wokukondani mpaka kale,
Yona