Chitenje cha Bambo wa Magalasi

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Chapananga dzuwa silinasinthe khalidwe, likutiwotcha monga munalisiyira. Mapira acha bwino kumunda wakumtsinje, koma mchewere mbalame zatidyera, poti palibenso wodziwa kuzikalipira ngati inu. Mdzukulu wanu Joana anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira mudzi wonse umadzuka, ndiye palibe akutsutsa kuti dzinalo lagwera pamalo pake.

Ndikudziwa kuti zonsezi mukungomvera ulemu. Chimene mukudikira ndi nkhani ya Zuze, mwana wanu womaliza, mlongo wanga uja munkagona mukumuganizira. Ali bwino, Amayi. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mtima ukhale pansi, chifukwa pakatipa zinthu sizinali bwino.

Ndimakumbukabe mmene munkachitira naye. Chigayo chikalira kapena ana akasokosa, Zuze ankatseka makutu n'kuyamba kudzigwedeza ndi kudzimenya m'mutu. Inu simunkathamanga. Munkangovula chitenje chapamwamba, n'kumukulunga nacho pachifuwa zolimba ngati mukufuna kumubereka, mfundo kumbuyo, manja ake ali omasuka. Mukatero munkati, "Dikira, Zuze, phokoso lipita." Ndipo linkapitadi. Anthu akamunena kuti ndi wamisala, yankho lanu linali limodzi: "Mwana wanga sadwala, dziko ndi limene limamusokosera."

Anakula, ndevu zinamera, mbuzi za pakhomo anazidziwa iliyonse ndi khalidwe lake, koma chitenjecho sichinasinthe. Ndi chija munalandira pamsonkhano zipani zitangoyamba kuchuluka, chokhala ndi nkhope ya bambo wa magalasi amene ankafuna uphungu. Bamboyo mavoti sanawaone, koma munkaseka kuti pakhomo pathu ndiye wagwira ntchito kuposa amene anapambana.

Titakuikani m'manda, zovala zanu zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo. Tonse mitu inali isakugwira, palibe anasamala kuti chitenje chakutha chija chapita ndi ndani. Ine ndinabwerera ku Nchalo kwa bambo a Joana, Zuze n'kutsala ndi alongo anu, amalume a Khembo.

Amalume si munthu woipa, mukuwadziwa. Koma Zuze atayamba kukuwa ndi kudzimenya, iwo anangokumbuka kuti inu munkamumanga. Anatenga chingwe cha ng'ombe n'kumumangirira kumtengo wa nimu uja uli kuseri kwa khola. Akamangidwa ankakuwa kwambiri, akakuwa kwambiri chingwe chinkalimba. Pamene ndinabwera kudzazonda ndinapeza mikono yake ili zilonda zokhazokha, mbuzi zake zikungoyendayenda pabwalo. Ndinalira, Amayi, kuposa mmene ndinalirira pamaliro anu.

"Iwe Fanita, usandiyang'ane choncho," anatero amalume. "Mayi ako ankamumanga ine ndikuona ndi maso angawa. Ine ndakalamba, sindingalimbane naye. Thonje likangochoka m'munda ndikamusiya kumapemphero kutsidya kwa Shire, kumeneko ali ndi unyolo."

Malo amenewo ndinali nditawamvapo. Munthu amakhala paunyolo pansi pa mtengo, akusala kudya, ng'oma ndi nyimbo zili m'khutu tsiku lonse. Ndinadziwa kuti Zuze akakalowa kumeneko sitidzamuonanso ali Zuze. Ndinamumasula, ndinayesa kumukulunga ndi chitenje changa, koma anachikoka n'kuchitaya kutali.

Masiku ano kuchipatala chathu chaching'ono kumabwera namwino wa zamaganizo kamodzi pamwezi, mayi wa ku Nsanje wolankhula mosakaniza ndi Chisena. Ndinapita naye Zuze m'mamawa. Mayiyo ataona kuti m'kati muli phokoso anatulutsa mpando wake, tinakhala panja pamthunzi. Anatsuka zilonda zija, n'kundiuza kuti Zuze anabadwa ndi ubongo umene umamva zinthu mosiyana ndi ife, dzina lake lachizungu akuti otizimu, ndipo si ziwanda, si kulodzedwa. Nditafotokoza za chitenje, anati ambiri otere thupi likafinyidwa bwinobwino mtima umatsika, monga khanda kumsana, koma chingwe chimangowonjezera mantha. Ndinalakalaka mukanakhalapo, mumve munthu wa yunifolomu akunena zimene inu munkanena muli ndi khasu paphewa.

Kenaka anachita chimene tonsefe tinali tisanachite chichokereni inu. Anafunsa mwiniwake. "A Zuze, inuyo mukufuna chiyani?"

Zuze anangoyang'ana nyerere pansi. Ine ndinafuna kumuyankhira, namwino anandigwira bondo. Kenaka tinamva, "Bambo wa magalasi."

Ndinafunsa khomo ndi khomo mpaka ndinamva kuti chitenjecho chinapita ndi ang'ono anu a ku Tengani. Ndinapempha amalume kuti asamange munthu mpaka ndibwere, anavomera monyinyirika, ine ulendo. Ndinachipeza chitavundikira dengu la nkhuku yofungatira. Mayi aang'ono anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwanawe, fumbi lonseli wayendera chisanza chimenechi? Tenga, nkhuku ikhululuka." Nditawauza chifukwa chake kuseka kunatha, anachichapa okha n'kuchipinda bwinobwino.

Ndinafika kumudzi thonje litachoka kale m'munda, ngolo ya amalume ili pabwalo, ng'ombe zili pagoli. Anthu anali atasonkhana kudzaonerera, ana akukuwa, agalu akuuwa. Zuze anali atatseka makutu, akudzigwedeza pafupi ndi khola, amalume akumuyandikira chingwe chili m'manja.

"Amalume," ndinatero, "takhalani kaye pansi, muone mmene mlongo wanu ankamangira."

Ndinatambasula chitenje chija kuti Zuze achione. Amayi, anakweza manja yekha. Ndinamukulunga pachifuwa, ndinalimbitsa mfundo kumbuyo, n'kunena mawu anu aja. Pang'ono ndi pang'ono kugwedezeka kunachepa, anachotsa manja m'makutu, anakhala pansi. Chinthu choyamba kufunsa chinali choti mbuzi yake yamawanga yamwa madzi kapena ayi.

Amalume anayang'ana chingwe chawo, anayang'ana zipsera za pamikono. "Kodi manja ankawasiya?"

"Ankawasiya, amalume."

Anatembenuka n'kuyamba kukalipira ana kuti achoke pabwalo, akusokosera munthu. Ngolo ija inapitadi tsiku limenelo, koma inanyamula thonje.

Bambo a Joana atapuma ntchito kukampani ya nzimbe tinabwerera kumudzi, ndipo tikukhala m'nyumba yanu. Zuze wabwerera kubusa. Tsiku lobwera namwino timakumana pamthunzi uja anthu angapo, ena ali ndi ana ngati Zuze, ena abale awo amadwala maganizo, ena odwalawo eniake. Timauzana zimene zikuthandiza, poti aliyense ali ndi chitenje chake: wina ndi mankhwala, wina ndi wailesi, wina n'kungomusiya payekha. Ndipo mukadziwa amene amalankhula kwambiri pagululi museka. Ndi amalume a Khembo. Mwezi wathawu anapalasa njinga kupita kumudzi woyandikana nafe kumene mtsikana wina ankatsekeredwa m'nyumba, anakakhala pakhonde la eniake mpaka anavomera kubwera naye kuchipatala. Sikuti zonse zatheka. Ana ena amamunenabe Zuze panjira, ndipo mwezi wina namwino sabwera.

Ndisanatseke ndikuuzeni za dzana. Ndinkapeta mapira ndi lichero lanu lija, ndipo nditaona pamene zala zanu zinasalalitsa mkombero, misozi inangoyamba yokha. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwamwalira dzulo. Zuze anali akuchokera kubusa. Mukudziwa kuti iye sagwira munthu ndipo safuna kugwiridwa. Anaima, anamasula chitenje chake, anandikulunga nacho pachifuwa n'kumanga mfundo yolimba mpaka mpweya kubanika. Maso ali kumbali, ananena ndi kamvekedwe kanu kenikeni, osasintha ngakhale dzina: "Dikira, Zuze, phokoso lipita."

Ndinadikira, Amayi. Linapita.

Chitenjecho chikutha, bambo wa magalasi watsala ndi diso limodzi. Ndayamba kusokerera nsalu yatsopano kumbuyo kwake pang'onopang'ono, Zuze akuona, ndipo mpaka pano sanakane. Gonani bwino, musamaderenso nkhawa. Ine ndikadali ndi moyo, chingwe chikhala cha ng'ombe, ndipo manja a Zuze akhala omasuka monga munkawasiyira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanita