Za Mazira Osweka ndi Majointi Achitsulo

Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi wa komiti ya Bungwe la Oweta Nkhuku za Mazira

Tsiku: Loweruka, pa 14 Malichi
Malo: M'chipinda chosungiramo mathileyi, kuseri kwa ofesi
Opezekapo: Wapampando, Msungichuma, Mayi a Mapasa, Adalaivala, Mlembi
Oitanidwa: Amakaniko a bungwe, ndi Alamu ake a Wapampando (si membala, koma sajomba)
Opepesa: Wachiwiri kwa Wapampando. Akudwala msana chikwerereni galimoto ya bungwe Lachiwiri.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Anapempha mamembala kuti apirire fungo.

2. Lipoti la galimoto yonyamula mazira

Wapampando anakumbutsa komiti kuti mwezi watha inagwirizana zochotsa mabushi a labala kumiyendo ya galimoto, n'kuikamo majointi achitsulo okhaokha, aja amaika m'magalimoto a mpikisano. Nzeruyi anabwera nayo ndi Alamu, amene amaonera mipikisano pa TV. Wapampando anati tsiku loyesa, galimoto inakhota bwino kwambiri ndipo mamembala onse anaomba m'manja.

Mayi a Mapasa anati tsiku limenelo galimoto inalibe dzira ngakhale limodzi, ndipo inangozungulira pabwalo la simenti.

Adalaivala anati Lachiwiri ananyamuka ndi mathileyi 40 kupita kwa ophika buledi. Anati tsopano galimoto imauza munthu za kamwala kalikonse ka mumsewu, ndipo pa maenje mano amachita kugundana. Atafika, ophika buledi anasuzumira n'kunena kuti iwo amakonda kuswa okha mazira. Anawonjezera kuti zikachitikanso, adzafuna ena owabweretsera.

Alamu anafunsa ngati galimoto inavuta pokhota. Adalaivala anati ayi, pokhota pokha ndiye palibe chodandaula. Alamu anapempha kuti mfundo imeneyi ilembedwe. Yalembedwa.

3. Kupeza wolakwa

Wapampando anati komiti singalakwe yonse nthawi imodzi, choncho wolakwa ndi amene anagwira sipanala. Anapempha kuti Amakaniko achotsedwe ntchito.

Amakaniko anaimirira, chipewa chili m'manja. Anati agwira ntchitoyi zaka khumi ndi zinayi ndipo sanaswepo dzira la munthu. Anati pa msonkhano wa mwezi watha anachenjeza kuti labala ndiye amameza kugwedezeka, chitsulo chimangopatsira. Anachenjezanso kuti fumbi likalowa m'majointi, adzayamba kulira gwedegwede mwezi usanathe. Anati atanena zimenezi, Alamu anawaseka kuti ndi makaniko wa mawilibala.

Wapampando anati sakukumbukira, ndipo analamula Mlembi kuti awerenge zolembedwa za tsikulo. Mlembi anawerenga: "Komiti inavomereza, panalibe wotsutsa." Wapampando anati basi nkhani yatha, chimene sichili m'buku sichinachitike.

Mayi a Mapasa anati, "Koma inu, tonse tinalipo! Makutu tinasiya kunyumba kodi?" Wapampando anawauza kuti alankhule kudzera kumpando. Mayi a Mapasa anayang'ana mpando n'kubwereza mawu omwewo.

Amakaniko anatembenukira kwa Mlembi n'kunena kuti, "Achimwene, inu simunandimve?" Mlembi anangopitiriza kulemba.

Anavota. Ofuna kuti Amakaniko achotsedwe anali Wapampando, Msungichuma ndi Alamu. Otsutsa anali Mayi a Mapasa ndi Adalaivala. Mayi a Mapasa anati Alamu alibe voti. Wapampando anati dzanja lakwezedwa kale, sangalitsitse. Mlembi savota.

Amakaniko anaika makiyi a galaja patebulo. Anati aliyense amene atenge malo awo azipukuta majointiwo ndi kupaka girizi sabata iliyonse, apo ayi tsiku lina gudumu lidzapita kwina, galimoto kwina. Wapampando anawathokoza, n'kunena kuti malangizo a munthu amene si wantchito wa bungwe sangakambidwe. Amakaniko anatuluka.

4. Njira yotetezera mazira

Adalaivala anapempha kuti mabushi a labala abwezeretsedwe. Wapampando anati kutero kungapereke chithunzi choti komiti inalakwitsa. Msungichuma anati labala akhoza kubwerera m'galimoto, bola asabwerere pamalo pake. Komiti inagwirizana zoyala matilesi awiri pansi pa mathileyi. Adalaivala anafunsa za msana wawo ndipo anauzidwa kuti azibwera ndi pilo.

5. Zina ndi zina

Alamu anadzipereka kuyang'anira galimoto mpaka makaniko wina atapezeka. Anafunsa kuti girizi amathira potani.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala pa 11 Epulo, malo omwewo, akakolopedwa. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko madzulo.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________

Ine Mlembi ndawonjezera izi Wapampando atasaina kale. Amakaniko anachenjezadi mwezi watha, kawiri konse, ndipo ine ndinawamva. Nditayamba kulemba, Wapampando anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Izo zisiyeni, n'zongocheza." Ndinazisiya. Lero munthu wachotsedwa ntchito chifukwa cha mzere umene ine sindinalembe, ndipo zikundichititsa manyazi. Tsopano zili m'buku, ndiye kuti zinachitika.