Timaitokondiriya ta Amake

Lolemba, 3 Juni

Kwatsala masabata awiri kuti mwana wanga, Adokotala, alembe mayeso. Dzinali ndinamupatsa ali ndi zaka zisanu, akumanga chidole bandeji pansi pa makina anga osokera. Lero ine kusoka, iye kuloweza pambali. Akuti m'selo lililonse muli timaitokondiriya, tokhala ngati nyemba, totentha shuga ndi okosijeni kuti thupi lipeze mphamvu. Utsi wake ndiye kaboni dayokisaidi amene timapumira kunjayu. Ndati ndiye kuti ine ndine mbaula yoyenda. Waseka mpaka misozi.

Lachitatu, 5 Juni

Wabwera ndi madzi a laimu, oyesera kaboni dayokisaidi, m'kabotolo. Wandiuzitsa ndi kapaipi, madzi mbee ngati mkaka. Ine kunyada ngati ndapambana mpikisano. Kenako, akutsuka botolo: "Komatu adadi, timaitokondiriya tija munthu amatengera kwa mayi ake okha. Tanu ndilibe ngakhale kamodzi."

Wangonena ngati nkhani ya mvula. Singano yandibaya chala.

Loweruka, 8 Juni

Amake aimbanso foni. Zaka khumi ndi zinayi chichokereni, kundisiyira mwana wa zaka zitatu ali ndi chikuku. Tsopano akumufuna akangomaliza mayeso, akakhale nawo pafupi ndi koleji. Alankhula mphindi makumi anayi, chitseko chotseka. Ndimawerenga, manyazi ndilibe. Kasekedwe kawo kamodzimodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Aphunzitsi ake a sayansi anabwera kudzayesa thalauza. Ndawafunsa ngati za timaitokondiriya zija n'zoona. "N'zoona, atelala. Abambofe pamenepo timangoperekeza." Aseka okha. Thalauzalo adzatenga mwezi wamawa.

Changa mwa iye n'chiyani? Makutu. Kuluma mlomo akamaganiza. Phala lonse lija ndinkaphika m'mamawa, kani ndinkasonkhezera moto wa wina.

Lachinayi, 20 Juni

Funso la timaitokondiriya labweradi pa mayeso. Akuti walemba masamba awiri. Wandikumbatira, n'kunena chapansipansi: "Adadi, mundisokera diresi la paulendo?"

Sanafunse ngati ndalola.

Lachisanu, 21 Juni

Ndamuyeza. Watalika kuposa muyeso wa chaka chatha, ine osaona. Ndatulutsa nsalu yobiriwira imene ndakhala ndikukaniza makasitomala. Maoda onse ndaika pambali. Msoko uliwonse ndibwereza kawiri, m'kati mwakenso ndikongoletsa, chifukwa amake ndimawadziwa, adzalitembenuza kufuna polakwika. Atembenuze. Aone okha kuti mwanayu anakulira m'manja mwa...

Adokotala akundiitana. Akuti zipi ya sutikesi yakana.