Digiri Yanga Yadyedwa ku Kapondo

Kapondo, Mchinji
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali Keziya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka pamodzi ndi alamu. Ine ndili moyo, koma digiri yanga yadyedwa. Sindikuphiphiritsa ayi, yadyedwa ndi mchere.

Mukudziwa kafukufuku wanga uja, woyesa ngati mankhwala ogonetsa amachepetsanso ululu. Ndimabaya mbewa jekeseni, ndikuiika pa chitsulo chofunda, ndikuwerenga masekondi mpaka itanyambita phazi. Mbewa zake si zakumunda, ndi zoyera, zobadwira mu labu, zamapepala ngati nduna. Ndinazidikira miyezi itatu, Lolemba ndikukazilandira pa boda, zonse makumi awiri. Minibasi ya ku Lilongwe itandisiya, ndinabwera kuno kwa azakhali a Imelda.

Tchimo langa ndi limodzi: ndinawafotokozera ntchito yanga. Anamvetsera mpaka pa chitsulo chofunda, basi nkugwira pakamwa.

"Mwana wa achimwene, zaka zinayi ku yunivesite, kuwotcha mbewa imodziimodzi? Yamoyonso? Amakuphunzitsani ndani?"

M'mawa mwake ndinapita kuchitunda kukasaka netiweki. Pobwera ndinapeza ndiwo zapsa, azakhali akumwetulira ngati apambana chisankho. Akuti anafuna kundipeputsira ntchito. Anaziwaula bwinobwino, ubweya woyera osaonekanso.

Amuna awo a Goliati akulengeza mudzi wonse kuti msana wawo wasiya kuwawa, ndipo anagona ngati khanda. Achemwali, botolo la mankhwala lili m'chikwama changa, losatsegula! Lero kwabwera amayi atatu kudzafunsa ngati zatsalako.

Pempho langa nali. Alamu a Benedict amadutsa pa boda ndi thiraki Lachinayi lililonse. Apite ku labu ya ku Lusaka komwe ndinagula zija akanditengere zina, mapepala nditumiza pa foni. Ndikapanda kupereka zotsatira pofika pa 30 Seputembala, ndibwereza chaka. Muwauze kuti katunduyo si kamba wa paulendo.

Poti mudzamva ndithu kwa azakhali, ndivomere ndekha: ndinadyako ziwiri ndisanafunse kumene zachokera. Zinali zonona. Ndinalira ndikutsuka m'manja.

Bambo musawauze. Anasoketsa kale suti ya tsiku la digiri, ndipo akuti amaiyesa Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi, ndikuibwezera mu pulasitiki. Mundiperekere moni kwa ana. Mukamaimba foni kumudzi, mungoti Millicent ali bwino, sukulu ikuyenda.

Ine mng'ono wanu,
Millicent