Dzenje la Che Saidi

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Kumsonkhano ku Balaka atiuza kuti thanki yopangira gasi wa ndowe, imene boma linalonjeza alimi anga a ku Nselema, imangidwa pakhola lina pafupi ndi tauni. Akuti alendo odzaona ntchitoyi asamavutike ndi ulendo. A Nkhoma, amene timakhala ofesi imodzi, akhala akudziwa kuyambira mwezi watha. Nditawafunsa panja angoseka: "Achimwene, vuto lanu mumaika zonse pamtima."

Dzenje la thankiyo ndinaliyeza ndekha katatu, Che Saidi, mmodzi wa alimiwo, nkukumba milungu iwiri pakhomo pawo. Ndine ndinawauza kuti ndowe asapite nazo kumunda, tidzadzazire thanki. Anansi awo anayi anaperekanso zawo, nditawatsimikizira kuti manyowa otuluka m'thankimo ndi abwino koposa. Mizere aunda kale yopanda manyowa.

Madzulo ano Che Saidi andiimbira foni. "Alangizi, mayi kuno akufunsa. Nkhuni za dzinja atolebe, kapena asiye poti gasi akubwera?"

Ndati netiweki ikuvuta, ndadula. Chiyambire ntchito ya ulangizi sindinanamizepo mlimi, lero ndayamba.

Mawa ndi Lachisanu, onse asanu akakhala kumzikiti. Ndikawadikira panja, ndikanene onse ali pamodzi. Alimiwo sadziwana nkomwe ndi a Nkhoma, boma silinafikepo pakhomo pawo. Amene anaima pakhola la Che Saidi nkulonjeza ndine, ndiye ndikayamba ndi mawu ati...